Mayi wonenepa, mwana wopinimbira: zimene sikelo ikuonetsa ku Kasungu

Tsiku la sikelo likafika, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama kapena pansi pa mtengo wa mango kumudzi kwathu cha ku Chulu, maso a aliyense amakhala pa mwana. Amamuvula, kumulowetsa m'kabudula wa sikelo, kumukoloweka, iye n'kumalira, mlangizi wa zaumoyo n'kulemba m'kabuku. Mayi amaima pambali atagwira mbereko. Iye palibe womuyeza, pokhapokha akhale woyembekezera. Komatu mukanati muwayeze onse awiri tsiku lomwelo, m'mabanja ena mukanapeza zimene agogo athu sakanazikhulupirira. Mwana ndi wopinimbira, msinkhu sukugwirizana ndi zaka zake, pamene mayi thupi lapyola muyezo. Onsewa amadya nsima ya mumphika umodzi.

Tinazolowera kuganiza kuti kuonda ndi kwa osauka, kunenepa ndi kwa mabwana a ku Lilongwe. Maganizo amenewa anali oona ndithu nthawi ina, koma zinthu zasuntha, ndipo zasuntha mwakachetechete.

Boma, kudzera ku nthambi yake yoona za chiwerengero ya National Statistical Office ku Zomba, lakhala likuchita kafukufuku wamkulu wa zaumoyo m'dziko lonse kuyambira mu 1992. Ofufuza amalowa m'makomo, kuyeza msinkhu ndi kulemera kwa amayi a zaka 15 mpaka 49 pamodzi ndi ana osakwana zaka zisanu. Mu 1992, amayi pafupifupi 10 mwa 100 alionse ndiwo anali ndi thupi lopyola muyezo. Mu 2010 anafika 17. Pofika kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anali 21, kutanthauza mayi mmodzi mwa asanu. M'zaka zomwezo, amayi oonda kwambiri anangotsika pang'ono, kuchoka pa 9 kufika pa 7 mwa 100. Taonani bwino pamenepa. Onenepa awirikiza kawiri, koma oonda sanathe ayi. Vuto latsopano labwera, lakale lisanatsanzike.

Kwa ana nkhani yake ndi ina. Kupinimbira kunali pa ana 55 mwa 100 mu 1992, kunatsika kufika pa 47 mu 2010, kenako 37 mu 2015 ndi 2016. Kutsika kumeneku ndi ntchito yaikulu ya alangizi, anamwino ndi amayi a m'magulu osamalira ana m'midzi, ndipo ndi koyenera kuyamikira. Koma 37 ndi mwana mmodzi mwa atatu alionse, kuposera apo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndiwo ankadya chakudya chokwanira, chakasinthasintha komanso kangapo patsiku monga mmene ziyenera kukhalira. Mwa ana osakwana zaka zisanu, 63 mwa 100 anali operewera magazi, ndipo amayi anali 33 mwa 100.

Mwina wina afunsa kuti kodi "kupyola muyezo" amakuyeza bwanji, popeza anthu tinabadwa osiyana, ena aatali, ena aafupi. Achipatala amagwiritsa ntchito chiwerengero chotchedwa BMI. Amatenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa ndi msinkhu wake wa m'mamita atauchulukitsa ndi iwo wokha. Tiyerekeze mayi wotalika mamita 1.6, msinkhu womwe amayi ambiri kuno amayandikira. Akalemera makilogalamu 47 kapena kutsika, BMI yake ili pansi pa 18.5, ndiye kuti waonda kwambiri. Akafika makilogalamu 64, BMI yafika 25, thupi layamba kupyola muyezo. Akafika 77, BMI yadutsa 30, kumeneko ndiye kunenepa kwambiri kumene madokotala amakutenga ngati matenda. Chiwerengerochi sichinena zonse. Mnyamata wopalasa kabaza wa njinga kapena wonyamula mabelo kumsika wa fodya ku Chinkhoma atha kulemera chifukwa cha minofu osati mafuta. N'chifukwa chake ena amayezanso mimba. Njira yosafuna ndalama ndi iyi: dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muzungulize pamimba cha pamchombo. Chikakanika kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo oopsa kuposa a m'ntchafu kapena m'mikono. Ana aang'ono amawayeza mwina. Pali lamba uja wa mitundu amene amamukulunga pamkono: akasonyeza pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kulandira chiponde kapena kugonekedwa.

Kuti timvetse chifukwa chake kunenepa sitikuopa kuno, tiyenera kukumbukira kumene tachokera. Aliyense wa ku Kasungu amene ali ndi zaka zopitirira 30 akukumbukira njala ya 2002. Boma lino linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa koopsa. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, mtengo unakwera kangapo, ndipo pofika Febuluwale 2002 pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu anadya madeya, zitsa za nthochi, chimanga chosakhwima. Anagulitsa mbuzi, njinga, malata, ngakhale miphika, pamtengo wa mbale ya ufa. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndipo chimene sindidzaiwala ndi miyendo yotupa ya anthu amene ankabwera kudzapempha ganyu pakhomo pomwe ifenso tinalibe kanthu. Njala inabweranso mu 2005, mu 2016, komanso mu 2024 pamene pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba.

Pamwamba pa njala panali matenda aja amene anthu ankawatcha kaliwondewonde. ARV aulere asanayambe mu 2004, munthu akayamba kuonda, anthu ankanong'onezana, ena n'kumalozerana ndi milomo. Kuonda kunasanduka chizindikiro cha imfa ndi manyazi. Tsono mtundu umene wadutsa m'zinthu ziwirizi ungauze bwanji kuti thupi likachuluka ndi vuto? Mtsikana akakwatiwa n'kubwera kudzaona makolo atanenepa, azakhali amasekerera: "Koma ndiye akukusungani bwino apongozi athuwa!" Bambo mimba ikatuluka timati ndalama zayamba kuoneka. Ine sindiwadzudzula anthu pa zimenezi. Mawu amenewa anabadwa m'misozi. Kungoti thupi silidziwa mbiri yathu, limangowerenga zimene talipatsa.

Ndiye tabwerani tione m'mbale.

Kasungu ndi boma la alimi. Timalima fodya, chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa, nyemba, mbatata. Munthu wongodutsa pamsewu wa M1 m'mwezi wa Meyi angaganize kuti kuno kulibe mwana wosowa chakudya chomanga thupi. Koma tsatirani kumene mtedza ndi soya zimapita. Mavenda amakoloweka masikelo awo m'midzi zokolola zisanaume n'komwe, ndipo banja lofuna fizi, sopo, feteleza kapena kubweza ngongole ya banki m'khonde limagulitsa pafupifupi zonse. Mazira amagulitsidwa, nkhuku imadikira mlendo. Chotsala m'nyumba ndi chimanga. Chimangacho timachikonola, kuchiviika, kuchiyanika, kenako kukagayitsa kuti ufa uyere mbee, chifukwa mgaiwa timautenga ngati chakudya cha osauka kapena cha kusukulu yogonera. Pokonola timataya gaga ndi kamtima ka chimanga, momwe muli mafuta abwino, michere ndi zija zothandiza kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono m'mimba. Zabwinozo zimapita kwa nkhumba ndi nkhuku. Ife timatsala ndi ufa umene umakhutitsa msanga, n'kusanduka shuga m'magazi msanga.

Ndalama ya mtedza ija ikabwera, imagula chiyani chodya? Imagula zimene ndi zotsika mtengo komanso zokoma pakamwa: mafuta ophikira a m'timachubu, shuga, buledi, mandasi, zitumbuwa, chipisi cha pachiwaya, sobo, zakumwa za m'mabotolo, timabisiketi ndi tofufuma ta m'mapaketi timene ana amalirira pagolosale. Zaka 30 zapitazo zinthu zimenezi munkazipeza pa boma kapena pa Khirisimasi. Lero zili pa Chatoloma, pa Nkhamenya, pa Mtunthama, pa kamsika kalikonse kamene basi imaima. Tiyi wa m'mawa amathiridwa masupuni anayi kapena asanu a shuga, ndipo wina akathira awiri timamufunsa ngati shuga watha. Masamba amene amayi athu ankatendera ndi nsinjiro, nkhwani, khwanya, bonongwe, chisoso, luni, tsopano timangowakazinga m'mafuta ndi tomato, pena n'kuwanyoza kuti ndi ndiwo za kumudzi.

Apa ndi pamene mayi ndi mwana uja amasiyanira njira ngakhale akudya chimodzi. Munthu wamkulu mimba yake ndi yaikulu. Atha kudya mitanda itatu kapena inayi ya nsima ndi kandiwo kochepa, n'kupeza mphamvu zokwanira, zotsala thupi n'kuzisunga ngati mafuta. Mwana wa chaka chimodzi kamimba kake ndi kakang'ono, ndipo chimene akufuna kuti mafupa atalike ndi ubongo ukule si kukhuta chabe. Akufuna dzira, usipa wosinja, nsinjiro, nyemba, masamba, chipatso. Akamangopatsidwa phala la madzimadzi la ufa woyera lothira shuga ndi mchere, amakhuta n'kugona, koma sakula. Mayi akunenepa, mwana akupinimbira, ndipo onse awiri atha kukhala operewera magazi. Alangizi amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya banja ili yadzaza ndi gulu loyamba ndi lomaliza, magulu anayi apakatiwo akungoonekera apa ndi apo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Asayansi anaona m'maiko osiyanasiyana kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba kapena m'zaka ziwiri zoyambirira, thupi lake limazolowera kusunga kalikonse. Munthu wotereyu akadzakula n'kuyamba kudya za mafuta ndi shuga zambiri, amagwidwa msanga ndi matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi kusiyana ndi mnzake amene anakula bwino. M'mera mpoyamba, akuluakulu anatero. Ana amene anabadwa m'njala ya 2002 lero apitirira zaka 20. Ndi iwo amene akuyendetsa njinga zamoto, kugulitsa m'mashopu, kudya nkhomaliro pachiwaya tsiku ndi tsiku. Atsikana a m'badwo umenewo ndiwo akubereka tsopano. Mayi amene anapinimbira ali mwana, msinkhu n'kukhala waufupi, kenako n'kunenepa kwambiri, amakumana ndi zovuta zambiri pa uchembere: magazi kuthamanga ali woyembekezera, shuga wa pamimba, mwana kukanika kutuluka mpaka kufuna opaleshoni.

Kagwiridwe ka ntchito nakonso kasintha, ngakhale kumudzi khasu likadali khasu. Mtondo ndi mphero zinalowedwa m'malo ndi chigayo, mjigo wayandikira, ulendo umene tinkayenda pansi maola awiri lero ndi mphindi 20 pa njinga yamoto. Zonsezi ndi zabwino, palibe amene angafune kubwerera kukasinja usiku. Koma mayi amene wasiya kulima n'kuyamba geni, kukhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa akugulitsa tomato kapena kaunjika, sachepetsa mitanda ya nsima. Amadya monga ankadyera akulima. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, akalaliki a m'maofesi pa boma, onsewo ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake kusiyana kwa tauni ndi mudzi kumaoneka bwino m'ziwerengero. Bungwe lofufuza la MEIRU linayeza anthu akuluakulu masauzande ambiri ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Mwa amayi a mutauni, 44 mwa 100 anali opyola muyezo, a kumudzi 27. Mwa abambo, a mutauni anali 18, a kumudzi 9. Kasungu ali ndi zonse ziwiri, tauni yomwe ikukula ndi midzi yambirimbiri, ndipo mu kalembera wa 2018 boma lonse linali ndi anthu oposa 800,000. Chimene chimandigwira mtima pa ziwerengerozi ndi 27 uja. Ngakhale kumudzi, mayi mmodzi mwa anayi.

Bwanji amayi kuposa abambo? Zifukwa zilipo zingapo. Thupi la mayi mwachibadwa limasunga mafuta ochulukirapo, ndipo mimba iliyonse imasiya makilogalamu ena amene sachoka onse, makamaka ngati ana atsatizana pafupipafupi. Mayi akachira timamudyetsa kwambiri kuti mkaka utuluke, n'zoyenera, koma nthawi zambiri chowonjezeracho chimakhala nsima, thobwa ndi tiyi wa shuga. Amayi ena amadandaula kuti jakisoni wolera anawanenepetsa, ndipo n'zoona kuti kwa ena amaonjezera thupi. Anthu ena amene akumwa ma ARV atsopano amene dziko linayamba kupereka mu 2019 aonanso thupi likubwera. Amene waona zotere akambirane ndi achipatala, asasiye mankhwala payekha, chifukwa mankhwala amenewa ndi amene asunga miyoyo ya abale athu ambiri.

Zotsatira za kunenepa sizibwera ndi phokoso. Chakudza sichiimba ng'oma. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Kumudzi timazindikira mochedwa: bambo wagwa kumunda mbali imodzi yafa, mayi chilonda cha kuphazi sichikupola, wina maso achita khungu, wina impso zaleka. Kenako timayamba kusakasaka amene wamulodza, mabanja n'kudana. Kunenepa sikuti ndi chifukwa chokhacho ayi. Mchere umene timathira mumphika kenako n'kuikanso wina pambale, mowa, fodya wosuta ndi ukalamba zimathandizira, ndipo alipo anthu oonda amene ali ndi BP kapena shuga. Koma thupi likamakwera, chiopsezo chimakwera nalo. Ndipo awa ndi matenda a moyo wonse. Munthu wa ku Chamama kapena kumalire a nkhalango ya Kasungu amayenera kupeza ndalama ya thiransipoti mwezi ndi mwezi kuti akatenge mankhwala, m'banja lomwelo limene likusowa dzira la mwana.

Tisaiwale oonda aja, chifukwa nkhani ya kunenepa ikatchuka, iwo ndi amene angasowe owakumbukira. Alipo ndithu. Ndi agogo amene akulera adzukulu okhaokha, mano atatha, akudya kamodzi patsiku. Ndi odwala TB. Ndi atsikana achichepere amene atenga mimba matupi awo asanamalize kukula. Ndi mabanja ogwira ntchito m'maesiteti a fodya amene amadalira chakudya chopimidwa mpaka fodya atagulitsidwa. Ndiponso kuno thupi limayenda ndi nyengo. Mu Januwale ndi Febuluwale ntchito ya kumunda imakhala pachimake, nkhokwe zili pululu, malungo ndi kutsekula m'mimba zili ponseponse, anthu amatsika thupi. Mu Juni ndi Julayi, ndalama za fodya ndi soya zikalowa, thupi limabwerera, pena kupitirira. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zakudya inakwera, ndipo banja likapanikizika siliyamba ndi kuchepetsa nsima. Limayamba kusiya nsomba, mazira, nyama ndi zipatso. Choncho umphawi womwewo umaondetsa wina, n'kunenepetsa wina ndi chakudya chopanda kanthu.

Malangizo a WHO ndi osavuta kuwanena: mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kumene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, shuga achepe, ndipo munthu wamkulu azigwira ntchito yotulutsa thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata. Koma ine sindikhulupirira kuti kungouza anthu kuti "idyani bwino" kungasinthe zambiri ngati mtedza wonse ukuthera kwa venda mu Meyi. Chimene ndaona chikugwira ntchito m'makomo ena ndi chaching'ono: kupatula thumba limodzi la mtedza ndi la soya lisanafike pasikelo ya venda, n'kunena kuti ili ndi la ana, salikhudza. Kufutsa masamba nthawi ya dzinja kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Kugayitsa mgaiwa, kapena kusakaniza ndi ufa woyera kwa amene sanauzolowere. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kothirira ndi madzi otsukira mbale. Ndipo ndikanakonda kuti tsiku la sikelo lija mayi nayenso aziyezedwa thupi ndi BP, popeza wabwera kale, wayenda kale mtunda wonsewo. Abambo ndiye ovuta, safika n'komwe kuchipatala mpaka atawanyamula, tsono makina a BP akanamawapeza kumene amasonkhana, kutchalitchi, kumzikiti, kumsika wa fodya, kubwalo la mpira.

Azakhali anga, amene anatilera m'njala ija, anayamba geni ya mandasi zinthu zitayamba kuyenda, ndipo thupi linabwera mpaka tonse tinkanyadira. Tsiku lina anapita kuchipatala ndi mutu umene sunkamva panado, n'kuwapeza ndi BP yokwera kwambiri komanso shuga. Anamvera malangizo. Anachepetsa nsima kufika mitanda iwiri ya mgaiwa, tiyi akumwa wopanda shuga, ndiwo zamasamba zotendera zinabwerera pambale, ndipo kudimba anayambanso kupita wapansi. M'miyezi ingapo thupi linatsika, mawondo anasiya kuwawa, mutu unaleka. Chimene chinawavuta kwambiri si chakudya. Anali anthu. Amayi a kumpingo anabwera awiriawiri kudzawazonda, atanyamula shuga ndi buledi. Mlamu wawo anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundifunsa motsitsa mawu: "Iwe, tandiuza zoona, azakhali akowa akudwala chiyani? Mwapita nawo kukayezetsa magazi?"

Nditawafotokozera azakhali zimenezi, anakhala chete kanthawi, kenako anapita kuchipinda n'kutulutsa kabuku kawo ka kuchipatala. Anati kuyambira tsopano aziyenda nako ku msonkhano wa amayi Lachinayi lililonse, kuti aliyense wofunsa azimuonetsa manambala a BP a mwezi woyamba ndi a mwezi uno. Pofika mwezi wotsatira, amayi atatu a m'gulu lawo anali atapita okha kukayezetsa, ndipo awiri anabwerako ndi mankhwala.